Mmene Ndinapulumutsira Munda wa Ada Longwe

Nkhani iyi ku Kande aikamba mpaka inasukuluka, ndipo aliyense amaithira mchere wakewake. Ena amati ndinalira. Sindinalire. Ena amati ndinathawira ku Usisya pa boti. Bodza lenileni. Ndiye ndaona kuti kuli bwino muimve kuchokera kwa mwiniwake, ngakhale kuti ndikamaikumbuka ndimalakalaka nditalowa kunsi kwa bedi.

Dzina langa ndine Fanuwelo. Kwathu ndi ku Ntchisi, koma ndinakulira kuno chifukwa bambo anga ankagwira ntchito m'minda ya labala. Ine ntchito yodzuka ndi nkhuku ija sinandikonde, ndiye ndinatsegula ka barbershop pa Kande. Kuseri kwa barbershop kunali video show ya mnzanga wina. Matenda anga anayambira kumeneko.

Mafilimu a Chitamilu, a ku India! Inu amene simunawaonepo, mukudzimana. Kumakhala mudzi wa amphawi. Kumabwera chimunthu cholemera, ndevu ngati tsache, matcheni agolide khosi lonse, apolisi onse ali m'thumba mwake. Chimalanda minda, chimatseka chitsime, chimakankha nkhalamba. Anthu ali kakasi. Kenaka kumatulukira kamnyamata, kolala m'mwamba, magalasi akuda, kakuyenda pang'onopang'ono ngati kakuopa kuponda mazira. Kakaponya chibakera chimodzi, anthu asanu ndi njinga zawo ali m'malere! Kakatero kamapita paphiri kukavina ndi chibwenzi, zovala n'kumasintha zokha.

Mafilimu ambiri ankabwera anyamata a m'tauni atawamasulira kale m'Chichewa. Koma nthawi zina ankabwera aawisi. Tsiku lina kunabwera yaiwisi yoteroyo, anthu n'kuyamba kutuluka akung'ung'udza. Ine ndinangosiya mashini ometera, ndinatola mic, n'kuyamba kumasulira pompo.

Anthu anabwerera. Mawa lake anadzaza mpaka pakhomo.

Mumvetse bwino apa. Ine sindinkanama. Ndinkakhulupirira ndi mtima wanga wonse kuti Chitamilu ndikuchimva. Munthu wanyamula chikwanje, maso ali psuu, ndiye angakhale akufunsa mtengo wa tomato? Ayi. Akunena kuti, "Lero ndikupha!" Simple. Mkazi akulira atagwira mwendo wa mwamuna, ndiye kuti akuti, "Usandisiye!" Chovuta n'chiyani pamenepo? Patapita nthawi anthu anasiya kunditchula Fanuwelo. Ndinali Professor. Ine ndemwe ndinayamba kumauza makasitomala kuti Chitamilu si chovuta, bola mutu.

Nthawi imeneyo ndinali m'chikondi ndi Lusungu, namwali wa pamudzi wina chakumtunda kwa msewu. Iye analibe vuto nane. Vuto linali mayi ake, Anyamhone: mayi wa Umanyano, gulu la amayi ku tchalitchi, wapampando wa komiti ya madzi, munthu amene akakuyang'ana umayamba kukumbukira machimo a chaka chatha. Dzina langa sankalitchula. Ankangoti, "wometa uja wa makanema." Ndinkapemphera kuti tsiku lina Mulungu andipatse mpata woti ndiwaonetse kuti ndine munthu wofunika.

Samalani ndi zimene mumapempha.

M'mawa wina ndikumeta mphunzitsi wina, mbali imodzi ya mutu nditamaliza, Lusungu analowa ali wefuwefu.

"Fanu, tiye msanga! Ama akukufuna!"

"Ine? Anditchula dzina?"

"Akuti Professor!"

Mashini anagwa okha m'manja. Mphunzitsi anafuula kuti, "Nanga mbali inayi?" Ine ndinati, "Emergency, sir!" Ndinatola magalasi anga akuda, ndinakhwimitsa kapusi kumutu, ulendo.

M'njira Lusungu anandifotokozera. Mudzi wawo unali utadikira mjigo kwa nthawi yaitali. Azimayi ankatsetsereka mpaka kunyanja kukatunga madzi, n'kukwera nawo chitunda. Tsiku limenelo chigalimoto chokumba mjigo chinali chitafika. Malo anali atasankhidwa kale, pafupi ndi tchalitchi, ndipo anali atakhomapo chikhomo. Koma bwana wa chigalimotocho, Mmwenye, atangotsika sanayang'aneko n'komwe kuchikhomoko. Analunjika m'munda wa chinangwa wa Ada Longwe, nkhalamba yosauka ya pamudzipo, anakwera pachulu pakati pa mundawo, n'kuyamba kukalipa m'chilankhulo chake.

"Nanga antchito ake achikuda?"

"Sanafike. Wabwera ndi dalaivala yekha, Mmwenyenso, ndipo wangogona m'galimoto. Ama anapita kukamupatsa moni bwana uja, mpaka m'Chingerezi. Ukudziwa chimene anachita? Anawakwezera dzanja chonchi, kuti akhale chete!"

Ndinaima. Kukwezera dzanja Anyamhone! Filimu imeneyi ndinali nditaionera kambirimbiri.

Titafika tinapeza mudzi wonse uli m'mphepete mwa munda. Ada Longwe anali atatsamira ndodo yawo. Ndipo pachulu paja, ndithu, panali munthu wamkulu thupi, ndevu za pamlomo zakuda bii, tcheni chagolide m'khosi, tawelo atakulunga kumutu chifukwa cha dzuwa, ndudu ikufuka pakati pa zala. Ankalankhula mokweza, akuloza uku ndi uku. Ndinatchera khutu. Chinali Chitamilu chenicheni, chofanana ndi cha m'mafilimu!

Anyamhone anandiyandikira. Koyamba m'moyo wanga anandiyang'ana ngati munthu.

"Mwana wangu, akuti iwe chilankhulo ichi umachimva. Tatiuza, akuti chiyani munthuyu?"

Mwana wangu! Ndinakhosomola pang'ono, ndinapinda manja pachifuwa, n'kupendeketsa mutu ngati dokotala akumvetsera chifuwa cha wodwala.

Mmwenye uja analoza pansi, kenaka anazunguza dzanja.

"Akuti munda uno ndi wake kuyambira lero," ndinatero.

"Chiuta wangu!" Ada Longwe anatsala pang'ono kugwa.

Mmwenye analoza chakumapiri.

"Akuti ndi minda yakumtunda yonseyo."

Anthu anayamba kusokosera. Mmwenye anatembenuka, analoza kunyanja, anatambasula manja onse awiri.

"Ndi nyanja yomwe."

"Nyanja?" anafuula msodzi wina. "Aitengera m'chiyani?"

"Anthuwa simukuwadziwa," ndinatero modekha. "Amabwera ndi mapaipi."

Anyamhone anachita tsinya. "Koma a ku boma anatiuza kuti akubwera kudzakumba mjigo."

"Ama, amayamba choncho. Mjigo ndi nyambo chabe. Ine ndaziona zimenezi kambiri."

"Unazionera kuti?"

Funso limenelo likanandipulumutsa ndikanaliyankha. Koma nthawi yomweyo Mmwenye uja anakwiya zenizeni. Anapondaponda pansi, anafuula mawu amodzi mobwerezabwereza, kenaka anadutsitsa chala pakhosi pake: khwee!

Azimayi anakuwa. Ana anathawira kumbuyo kwa amawo. Aliyense anatembenukira kwa ine.

"Pamenepo," ndinatero ndi mawu otsika, "sipofunikanso kumasulira."

Ada Longwe anandigwira dzanja. Nkhalamba ija maso anali atalengeza misozi. "Ada, munda uwu ndi umene ndimadyera. Chinangwa ichi ndi kondowole wa adzukulu anga. Mundilankhulireko."

Ndinayang'ana Ada Longwe. Ndinayang'ana Anyamhone. Ndinayang'ana Lusungu, amene ankandiyang'ana ngati ndatsika kumwamba. Mphepo ya mwera inawomba, masamba a chinangwa n'kuyamba kugwedezeka. Ndikukuuzani zoona, m'mutu mwanga nyimbo inayamba kulira yokha.

Ndinaimika kolala. Ndinapinda manja a malaya. Ndinavala magalasi, osati mwachisawawa, koma mmene amavalira eniake, kuwazunguza kaye pa chala. Anagwa. Ndinawatola, ndinapukuta mchenga, ndinavala bwinobwino.

Kenaka ndinayamba kuyenda. Slow motion.

Amene simunayendepo slow motion m'munda wa chinangwa, musayese. Mizere ya kuno ndi italiitali, mchenga wake woterereka. Phazi limodzi m'mwamba, lina likumira. Koma anyamata a ku video show, amene anali atafika onse, anayamba kuwomba m'manja motsatira mapazi anga. "Pro-fe-sa! Pro-fe-sa!" Wina ankaliza nyimbo ya m'filimu ndi pakamwa. Kubwerera kunali kosatheka.

Ndili pakati pa ulendo ndinazindikira kanthu kena. Ndikafika ndikanena chiyani? Kumva ndinkamva, inde, koma kulankhula ndinali ndisanayesepo.

Pamenepo ndinakumbukira chida changa chachikulu.

Filimu iliyonse ya Chitamilu isanayambe, screen imada bii. Kenaka kumamveka mawu a mwamuna, aakulu, olemera, ngati akuchokera m'phanga. Amanena ziganizo ziwiri. Filimu ikafika pakati, pamene zinthu zavuta, mawu omwewo amabweranso. Mafilimu onse, mawu omwewo! Ine ndinazindikira kalekale kuti limeneli ndi lumbiro la ngwazi, ndipo ndinkalimasulira kuti: "Inu opondereza amphawi, masiku anu atha! Magazi a osauka akulira m'nthaka!" Ndinali nditalimva kochuluka moti ndinaliloweza lonse m'Chitamilu. Anyamata a ku video show nawonso analiloweza; tinkalinena limodzi ngati Pemphero la Ambuye.

Ndinafika patsinde pa chulu. Mmwenye anandiyang'ana, n'kundikwezera dzanja lija.

Ine? Professor?

Ndinavula magalasi. Ndinamuloza ndi chala pakati pa maso. Ndinakoka mpweya wonse wa m'boma la Nkhata Bay, n'kubangula chiganizo choyamba.

"Pugai pidipadu...!" mpaka kumapeto kwake, liwu ndi liwu.

Munthu uja anasiya kulankhula. Kukamwa yasa!

Ndinabwereza, mokweza kuposa poyamba. Ulendo uno anyamata onse kumbuyo kwanga analowa, ngati kwaya ya pa Khirisimasi. Munda wonse unagwedezeka ndi Chitamilu.

Mmwenye anayang'ana ine. Anayang'ana anyamata. Anayang'ana khamu lonse la anthu. Kenaka pang'onopang'ono anayang'ana dzanja lake, anagwetsa ndudu ija pansi, n'kuipondaponda ndi nsapato mpaka inazima. Anaweramitsa mutu ngati mwana wasukulu amene wagwidwa.

Eee! Nthungululu zinasweka! Azimayi anavula zitenje za pamwamba n'kumazikupiza. Ada Longwe anataya ndodo n'kuyamba kuvina malipenga okhaokha. Anyamata anathamanga, anandinyamula pamapewa. Ndili m'mwambamo ndinaona Anyamhone akuwomba m'manja. Anyamhone! Ndinayamba kuganiza za mtundu wa suti ya paukwati.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma ine ndinati mdani akagwada umumalize. Ndili pamapewa pomwepo ndinakweza chibakera n'kuponya chiganizo chachiwiri, chija cha magazi a osauka.

Mmwenye anakweza mutu. Anamasula tawelo kumutu. M'khutu mwake munali kanthu kakang'ono koyera. Anakachotsa, anatulutsa foni m'thumba la malaya, analankhulamo mawu awiri ofatsa, n'kuidula. Kenaka anandiyang'ana, nati m'Chichewa chosalala ngati cha pa wailesi:

"Achimwene, za fodyazo ndavomera. Koma mowa ine sindimwa."

Zii.

Ngakhale mwera unaima.

"Mwati... mwati bwanji?" Mawu anga anatuluka ngati a mwanapiye.

"Ndati mowa sindimwa. Mwanena kuti kusuta fodya kumayambitsa khansa ndipo kumapha. Zoona, ndataya. Kenaka mwati kumwa mowa kumawononga thanzi. Zoonanso, koma ine chibadwire sindinaulawe." Anapukusa mutu modabwa. "Ndakumba mijigo ku Mchinji, ku Salima, ku Nsanje, zaka zambiri. Sindinaonepo mudzi wokonda zaumoyo ngati uno. Mpaka kwaya!"

Anyamhone anadutsa pakati pa anthu. Nsapato zawo ndinkazimva ngakhale unali mchenga.

"Ada, mumalankhula Chichewa?"

"Kwambiri, mayi. Dzina langa ndine Selvam. Pepani kwambiri ndinakukwezerani dzanja muja, ndinali pa foni ndi akazi anga kumudzi. Akakhala pakati pa nkhani safuna kudulidwa."

"Nanga m'munda mwa Ada Longwe mumafunamo chiyani?"

"Network, mayi. Mudzi wonse uno yagwira pachulu pano pokha."

Kumbuyo kunamveka mawu a mtsikana wina: "N'zoona, ifenso timaimbira pomwepo."

"Nanga kuloza minda? Kuloza nyanja?"

"Amandifunsa kuti ndili kuti. Ndimawauza kuti kuno n'kokongola, uku mapiri, uku nyanja yaikulu ngati ya kwathu."

"Nanga ichi?" Anyamhone anadutsitsa chala pakhosi.

"Ndimati foni ikudukaduka."

Sindikudziwa kuti anyamata aja anapangana nthawi yanji, koma onse anachotsa mapewa nthawi imodzi. Ndinagwa chagada pakati pa mizere, miyendo m'mwamba, phesi la chinangwa lili thyo! Ada Longwe, amene anali akufunafuna ndodo yawo, anati, "Mmwenye sanathyole ngakhale tsamba limodzi. Chinangwa changa wathyola ndi uyu."

Chikhakhali chinayambira kwa azimayi, chinafika kwa asodzi, chinakwera mpaka kwa dalaivala amene anali atadzuka m'galimoto. Bambo Selvam anafunsa kuti nkhani ndi yotani, ndipo anthu khumi anayamba kuwafotokozera nthawi imodzi. Atamva za nyanja yotengedwa ndi mapaipi anakhala pansi pachulu, atagwira mimba, misozi ili mbwembwembwe.

"Achimwene," anatero akupukuta m'maso ndi tawelo, "mawu amenewo kwathu ndi lamulo. Filimu iliyonse imayenera kuchenjeza anthu za fodya ndi mowa. Inu mumati ndi chiyani?"

Mnyamata wina, amene mpaka lero sindimumeta, anayankha mokweza: "Professor amati ndi magazi a osauka akulira m'nthaka!"

Ndinkaganiza kuti manyazi afika pamapeto. Ayi ndithu, anali akungovula jekete.

Pogwa paja kapusi yanga inali itavuka n'kugubuduzika. Ndipo m'kapusimo, abale anga, ndi mmene ndinkabisa ndudu zanga. Lusungu sankadziwa. Anyamhone ndinali nditawalumbirira kudzera mwa mwana wawo kuti fodya ndi ine ndi njoka ndi munthu. Ndudu ziwiri zoyera zinali gone pamchenga, pakati penipeni pa mapazi a Anyamhone ndi a bambo Selvam.

Bambo Selvam anawerama, anazitola, anazikweza m'mwamba kuti aliyense aone. Anaimika kolala ya malaya awo. Anandiloza ndi chala pakati pa maso. Kenaka ndi mawu aakulu, olemera, a m'phanga enieni, ananena chiganizo choyamba chija, mmene chimanenedwera ndi eniake.

Anyamhone anapinda manja, anandiyang'ana ndili pansi pomwepo.

"Professor. Tamasulira."

"Akuti... akuti kusuta fodya kumapha, ama."

"Yewo. Lero ndiye wamasulira zoona."

Lole ya mapaipi ndi antchito inafika masana. Inali itaphulika tayala m'njira. Mjigo anakumba pachikhomo pomwe paja, pafupi ndi tchalitchi, ndipo madzi ake ndi ozizira bwino mpaka lero. Ada Longwe ndinakawapalira munda wonse kulipira phesi limodzi lija. Lusungu anakhala nthawi osandilankhula, ndipo atayamba kundilankhula ankangoti akandiona n'kuyamba kuseka mpaka kukhala pansi. Koma mkazi amene wakuona miyendo ili m'mwamba m'munda wa chinangwa n'kukukondabe, ameneyo ndi wako. Tinakwatirana. Anyamhone anavomera atandinunkhiza malaya kwa miyezi ingapo, ndipo fodya ndinasiyadi.

Tsiku limene ankachoka, bambo Selvam anaima pa barbershop kuti ndiwachepetse ndevu. Nditamaliza ndinalimba mtima.

"Bwana, ngakhale ndinachita manyazi, chimodzi chokha chimanditonthoza. Ndinakusiyitsani fodya."

Anadziyang'ana pagalasi, anasisita ndevu zawo, n'kumwetulira.

"Kusiya? Achimwene, ija munanditayitsa inali yomaliza. Ziwiri zanu zija ndi zimene zinandipulumutsa tsiku limenelo!"

Ndiye abale anga, musanapite kukamenyera nkhondo anthu oponderezedwa, yambani mwaona kaye ngati mdaniyo sali pa foni ndi mkazi wake.